Galimoto Yokana Kulira Pagolosale ya Pamtunda

Ankati bambo wamazira uja ali ndi chibwenzi pagolosale ya pamtunda. Msewu wathu wonse unkanena zomwezo, ndipo ine, munthu wosakonda miseche pokhapokha ikandipeza yokha pakhonde, ndinkakhulupirira ndi khutu limodzi. Umboni wake unali woti ngakhale mwana akhoza kuutsatira. M'mawa uliwonse ankanyamuka ndi mathireyi a mazira m'kagalimoto kake, n'kumatsitsa m'magolosale asanu osazimitsa injini. Golosale yomaliza inali pamwamba pa chitunda, ya mayi wina wamasiye woseka ndi mano onse. Pamenepo ankazimitsa chifukwa katundu wotsitsa anali wambiri. Ndipo pamenepo pokha galimoto inkakana kulira, ola lathunthu.

Akazi ake timawatcha Mayi a Mapasa. Ndi iwo eni nkhukuzo, mazana atatu kuseri kwa nyumba. Amadzuka tonse tikadali m'bulangete, amasefa chakudya cha nkhuku, amatola mazira ndi manja onse awiri osaswa ndi limodzi lomwe. Si munthu wokalipa. Akakwiya amangosesa pabwalo kawiri. Mwezi umenewo pabwalo pawo pankawala ngati m'chipatala.

Galimoto anaitumiza katatu konse kwa mchimwene wawo, makaniko wa kumsika. Makanikoyu ali ndi lamulo lake: galimoto igone pagalaja, aiyese m'mawa mutu uli wozizira. Katatu konseko atapotokola kiyi inalira pomwepo.

"Chemwali, galimotoyi ilibe matenda," anatero akupukuta m'manja. "Wodwala ndi alamuwa."

Lachisanu Mayi a Mapasa anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuiika pakhomo la kuchipinda, yotsekula, yopanda kanthu.

"Bambo a mapasa, mawa ndiyendetsa ine. Galimoto ikalira bwinobwino tsiku lonse, sutikesiyi idzaza. Ndipita ndi ana. Nkhuku nazo ndi zanga."

"Ndiye ine nditsala ndi chiyani?"

"Ndi galimoto yanu. Muzikalira nayo limodzi pamtunda."

Loweruka anakhala pachiwongolero, amuna awo pambali atafumbata thireyi pamiyendo ngati mkwatibwi wamanyazi. Anatsitsa m'magolosale asanu aja osazimitsa. Atafika pamphambano sanakhotere kwa mayi wamasiye. Anakhotera kumanzere, n'kukwera chitunda china chopita kuthanki ya madzi, kumene kulibe golosale, kulibe mkazi, kuli mbuzi zokhazokha. Pamwamba anazimitsa, anadikira pang'ono, n'kupotokola kiyi.

Injini inabuula ngati ine ndikamadzuka pampando. Kachiwiri inabuula pang'ono. Kachitatu inangoti tche.

Mwamuna uja anayamba kumwetulira.

"Tsekani mano amenewo, sitinathe. Mwina mwaiphunzitsa."

Anaimbira foni makaniko. Iye anati aibweretse madzulo, aiona mawa m'mawa.

"Achimwene, m'mawa imakhala itachira. Kwerani njinga mubwere kuno kuthanki muione ikudwala."

"Ndili ndi galimoto ya anthu pajeke."

"Banja langa nalo lili pajeke. Bwerani."

Makaniko ndi munthu wonenepa ndipo chitundacho n'chachitali. Asanafike, injini inazizira ndipo galimoto inalira. Wina akanathokoza n'kubwerera kunyumba. Mayi a Mapasa anatsika chitunda n'kukweranso, kutsika n'kukweranso, pa giya yoyamba, kuti kutenthako kusathawe. Mchimwene wawo anamupitirira kawiri akukankha njinga, thukuta lili kamukamu, koma sanamutenge poopa kuti akaima galimoto izimira pakati panjira. Atafika pamwamba anazimitsa pamaso pake n'kumupatsa kiyi.

Tche.

Makaniko anayesa nyali, zinayaka bwino. Anagwedeza mawaya a batire, anali olimba. Ndiye anayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto chagada. Patapita kanthawi anatukwana mawu amene sindingalembe pano, chifukwa anali atapsa mkono ndi paipi ya utsi.

"Alamu," anaitana ali kunsi komweko, "sitata iyi, imene imaliza injini mukapotokola kiyi, yatentha ngati mbaula. Pakati pa iyo ndi paipi pamakhala kachitsulo kopyapyala kotchinga moto. Ndikuona mabowo awiri a mabawuti, kachitsuloko kulibe. Kapita kuti?"

Bambo wamazira anayang'ana mbuzi.

"Mukufunsidwa," anatero akazi ake.

"Kankagwedera. Kakati khwekhwekhwe ine ndinkayesa mazira akusweka, ndiye ndinkangoima panjira n'kumayang'ana thireyi ndi thireyi. Ndinakamasula."

"Liti?"

"Miyezi iwiri yapitayo."

"Ndiye kali kuti?"

"Ndi kamene mumapalira zitosi m'khola kaja. Munati n'kabwino."

Makaniko anaseka mpaka anagunda mutu kunsiko. Mayi a Mapasa sanaseke. Anadikira injini izizire, anayendetsa mpaka kunyumba, n'kukatenga kachitsulo kawo m'khola. Anakatsuka ndi sopo, n'kuima pomwepo manja ali m'chiuno mpaka mchimwene wawo atakawongola ndi hamala n'kukamanga ndi mabawuti atsopano. Atamaliza, Mayi a Mapasa anati tiyeni, onse atatu, mpaka kuthanki. Anazimitsa, anapotokola kiyi, inalira. Anatsika, anakweranso, anazimitsa, inaliranso. Madzulo sutikesi inabwerera pamwamba pa kabati.

Lolemba bambo wamazira anaima pagolosale ya pamtunda, anazimitsa, anatsitsa mathireyi ake, anapotokola kiyi n'kumapita. Panalibe chibwenzi. Inali sitata yotenthedwa ndi paipi ya utsi.