Tsiku Limene Bambo Anakwera Okha Chikuku

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anagwa ndi ngolo. Ankachokera ku Dzalanyama ndi mitengo yomangira chigafa cha fodya. Potsetsereka ng'ombe zinadzidzimuka, ngolo n'kugubuduzika, mitengo ija n'kuwapsinja msana. Pobwera kuchipatala ku Nkhoma, miyendo yawo inali isakumvanso kanthu.

Chinali chaka chomwe sukulu inakhala yaulere. Ana a m'mudzi mwathu, ngakhale anyamata omera kale ndevu, ankathamangira kusukulu ku Mitundu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Ine ndinatsala. Amayi ankalawirira kumunda, ndiye monga mwana woyamba ndinkakhala ndi bambo, kuwatembenuza, kuwamwetsa madzi, kuwaingitsira ntchentche. Sindinkadandaula. Ndinkanyada kuti asanatambasule mkono, ine ndawapatsa kale chomwe akufuna. Koma bambo ankangoyang'ana kudenga.

Mvula itatsala pang'ono kugwa, kunabwera galimoto ya bungwe lothandiza anthu ovulala msana. Chomwe chinatidabwitsa ndi mlendo wake. Anatsegula chitseko, n'kudzikoka ndi mikono kukhala pa chikuku cha olumala, osagwiridwa ndi munthu. Anali a Chisale, omwe nawonso anathyoka msana pa ngozi ya galimoto cha ku Nathenje.

Anayang'ana thupi la bambo kuti aone ngati panali zilonda, n'kuphunzitsa amayi kasamalidwe kake. Kenaka anandiona.

"Mwanayu sapita kusukulu?"

"Akapita, ine nditsala ndi ndani?" anayankha bambo.

"Mutsala ndi mikono yanuyo, achimwene."

Ulendo wotsatira anabwera ndi mnzawo wa ku bungweko, atatenga chikuku, khushoni ndi kathabwa kosalala. Anakaika pakati pa bedi ndi chikuku, n'kuuza bambo kuti adzisunthe okha kudutsa pamenepo. Bambo anayesa, thukuta lili kamukamu. Atapendekeka ngati agwa, ndinathamanga. A Chisale anandigwira pamkono.

"Ima kaye, Enelesi. Mnzanga ali kumbuyo kwawoko, sagwa. Akakufuna akuitana."

Ndinaima, misozi ili m'maso, ndikuona ngati munthuyu ndi wankhanza. M'nyumba munkangomveka kupuma kwa bambo ndi kulira kwa zingwe za bedi. Anasuntha pang'ono, n'kupumula, n'kusunthanso. Mapeto ake anakhala pa chikuku kuti khwa. Anagwira mateyala, n'kudzikankha mpaka pakhomo, pomwe dzuwa linawawomba kumaso. Ndiye anaseka, kuseka komwe ndinali nditakuiwala.

"Enelesi," anatero, "mawa ndisakuone pano."

Sizinatheke mawa lakelo, chifukwa zoti aphunzire zinali zambiri. Tinagumula chiundo cha pakhomo, amalume n'kukulitsa chitseko cha chimbudzi. Koma chimanga chisanamasule ndinali nditabwerera m'kalasi. Ndikamaweruka ndinkawapeza pansi pa chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni, akukangana ndi anzawo za zipani, zomwe panthawiyo anthu anali atangoyamba kuzikamba mosanong'ona. Patapita zaka, nawonso anayamba kuyenda ndi a bungwe aja kukachezera ena ongovulala kumene.

Lero ndimamvetsa chomwe a Chisale anaona atangolowa m'nyumba mwathu. Changu changa chinkachokera m'chikondi, komabe tsiku lililonse chinkawauza bambo kuti iwo atha ntchito. Munthu wolumala amafuna thandizo ndithu, koma mwiniwake ndiye azinena pomwe likufunika.

Bambo akadalipo, imvi zili mbee. Ndikapita kumudzi, timaperekezana kumsika ku Mitundu, ine ndikuyenda pambali pawo. Nthawi zina ndimafunsa, "Ndikankheko, bambo?"

Iwo amangoti, "Pachitunda pokha, mwanawe."