Diresi Ndili Nalo

Chaka chimene intaneti inafika mu ofesi ya esiteti yathu ya tiyi, ine ndinali kalaliki wongoyesedwa kaye. Anandiuza kuti ikatha miyezi itatu adzaona ngati ndikhale kapena ndibwerere kumunda. Chondithandiza chinali chimodzi: ndinkataipa osayang'ana zala. Abwana, munthu wochokera ku Lilongwe amene ankaopa kompyuta ngati galu wa eni, ankanditchula kuti katswiri.

Intanetiyo inkadzera pa waya wa foni. Poilumikiza inkayamba yalira ngati nkhuku yogwidwa mwendo, ndipo munthu akangonyamula foni ya m'chipinda cha abwana, zonse zinkaduka. Zinkaduka kangapo pa tsiku, ifenso tinazolowera.

Kenako kunabwera bambo wina wa ku Blantyre, wotsatsa malonda, atavala nsapato zosongoka zosadziwa matope a ku Thyolo. Anati tikufunika webusayiti, tsamba la pa intaneti loti ogula tiyi akunja azitionerapo. Anatiphunzitsanso kuti azungu sagula tiyi, amagula nkhani. Mawu amenewa ndinawalemba m'kope. Pamwamba pa tsambalo pankafunika chithunzi cha mayi wotchola tiyi, dengu lili kumsana, akusekerera.

Kapitawo anasankha amayi anga, poti anali atatchola tiyi zaka zambiri kuposa onse, komanso mano awo anali athunthu.

Kwathu kujambulitsa si masewera. Munthu amasamba, n'kudzola mafuta, n'kuvala za pa Sabata, n'kuima njo, manja m'mbali, pakamwa potseka. Woseka pachithunzi timamukayikira kuti walawa. Choncho Lolemba m'mawa amayi anatulukira pakati pa mizere ya tiyi atavala diresi lawo labuluu lopitira kutchalitchi ku Makwasa, lositidwa mpaka kuthwa m'mphepete, nsapato atanyamula m'manja kuopa mame.

Bambo wa ku Blantyre anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, mukupita kuukwati? Ife tikufuna zenizeni."

"Ndiye izi ndavalazi n'zabodza?" anafunsa amayi.

Abwana anayang'ana ine. Katswiri amadziwika pa nthawi ngati imeneyo. Ndinati tijambule ziwiri, china cha diresi, china cha zovala za kuntchito, tikasankhe bwino ku ofesi. Amayi anavomera chifukwa ndinanena ndine. Cha diresi anaima ngati msilikali. Atatha anapita kuseri kwa mtengo, n'kubwerako atamanga chiguduli m'chiuno, pulasitiki yong'ambika pachifuwa, dengu kumsana. Kusekerera anakana. Bamboyo anawanyengerera mpaka kutopa. Mwamwayi abwana anaterereka n'kukhala pansi m'matope, amayi anaseka mpaka kuoneka mano onse, kamera n'kulira.

Tikuweruka anandifunsa kuti chithunzicho akachione ndani.

"Dziko lonse, amayi."

"Ndi abale athu a ku Mozambiki omwe?"

"Akakhala ndi kompyuta."

"Ndiye uike cha diresi. Anthu asamati ndinabwera kuno kudzavala masaka."

Ndinati chabwino. M'mawa mwake bambo uja analoza cha chiguduli, nati chimenechi ndiye chigulitsa tiyi. Abwana anagwedeza mutu kuvomereza. Miyezi yanga itatu inali itatsala masabata awiri. Sindinatsutse, sindinakhosomole n'komwe. Ndinachiika ndi zala zanga zomwe zija zosafuna kuyang'anidwa. Manyazi ndinali nawo, koma mantha obwerera kumunda anali aakulu kuposa manyaziwo. Ntchito anandilemba.

Ndinkadalira kuti amayi sadzaiona intaneti moyo wawo wonse. Ndinaiwala kuti ndi munthu woti akatumiza mwana kuchigayo amakayeza ufa ndi dzanja. Tsiku lina masana, abwana atapita kufakitale, ndinangoona aima pakhomo la ofesi, atapukuta kale mapazi pa udzu.

"Ndabwera kudzadziona," anatero.

Ndinawapatsa mpando. Ndinalumikiza, nkhuku ija inalira. Masiku amenewo chithunzi sichinkabwera chonse nthawi imodzi. Chinkatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere. Munayamba kuoneka mitambo. Kenako phiri. Kenako nsonga ya duku.

"Ndine ameneyo?"

"Ndinu."

Ine n'kuti ndikupemphera kuti wina anyamule foni. Waya umene unkaduka ndikamatumiza makalata ofunika, tsiku limenelo unagwira ngati wamva kuti kwabwera alendo. Chinatsika chipumi, anatsika maso. Atafika mano, amayi anati, "Iii, ndinaseka?" Linatsika khosi, kenako zingwe za dengu, kenako pulasitiki ija ndi chibowo chake, chooneka bwino kuposa mmene chinkaonekera kumunda.

Anadikira mpaka chiguduli chonse chitafika. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Dziko lonse landiona chonchi?"

"Eee, amayi."

"Ntchito anakulemba?"

"Anandilemba."

Anasisita bondo. Kenako analoza m'munsi mwa chithunzicho, chala osakhudza galasi kuopa kudetsa katundu wa kampani.

"Ulembepo apa kuti diresi ndili nalo."

Pansi pa chithunzi sindikanatha kulembapo, abwana akanaona. Koma bambo wa ku Blantyre anali atandionetsa malo ena obisika, polemba timawu timene timatulukira munthu akaimika kamuvi kolozera zinthu pa kompyuta pamwamba pa chithunzi. Iye analembamo Chingerezi chonena za manja achimwemwe. Ndinafufuta, n'kulemba m'Chichewa kuti: Mayi awa diresi ali nalo. Abwana sankaimika kamuvi paliponse, poti kompyuta ankaiopa. Azungu ogula nkhani aja, ngati anawaona mawuwo, mwina ankayesa ndi dzina la mtundu wa tiyi.

Ndinaimika kamuvi, timawuto tinatuluka, ndinawawerengera mokweza. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kudzuka, n'kukonza chiguduli chawo, poti belu la masana linali litalira. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Walemba kuti ndi labuluu?"

Ndinali ndisanalembe. Anaima pomwepo mpaka nditawonjezera.