Chaka chimene phiri linatseka msewu pa Chiweta

Ndikukumbukira kutentha kwa pa Chiweta mwezi wa Novembala, kutentha kosungunula majarini m'chitini. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, matipate atangoyamba kumene, mitengo ya zinthu ikukwera sabata ndi sabata. Amayi anga, a NyaMsiska, anali ndi kagolosale ka chipinda chimodzi m'mbali mwa msewu waukulu, pamene galimoto zochokera ku Mzuzu zimafikira zitatsika phiri, mabuleki akununkha ngati chikopa chowauka. Mkati mwa kagolosaleko munkamveka fungo la sopo, parafini ndi usipa wa m'madengu a makasitomala.

Tsiku limene ankapita ku Mzuzu kukaoda katundu ndinawapempha diresi ya Khrisimasi. Anangoti, "Tikaona." Kwa mwana, mawu amenewo ndi lonjezo. Ndinakhala pakhonde tsiku lonse kuwerenga malole otsika phiri, mpaka ina inaima pakhomo pathu. Anatsitsa matumba a mchere, mabelo a shuga, ufa wa mandasi, mafuta ophikira, machesi, masamba a tiyi ndi mgolo wathunthu wa parafini. Ndinasanthula katoni iliyonse. Diresi munalibe. Kuwonjezera apo, theka la katunduyo analiunjika kuchipinda kwanga, moti ndinkagona mopanikizika pakati pa mchere ndi sopo.

Moyandikana nafe munali sitolo ya a Chirambo, bambo okonda kuseka, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Iwo anaoda mabisiketi a kirimu, zibaluni, nsapato zonyezimira ndi makireti a zakumwa. Khrisimasi itafika, pakhomo pawo panali ngati paukwati, ife tikugulitsa machesi. Ndinkawaona amayi ngati munthu wosadziwa malonda, ndipo ndinawauzadi. Sanakwiye. Anati, "Mwana wane, Khrisimasi ndi tsiku limodzi. Mvula ndi miyezi inayi."

Mu Januwale mvula inagwa masiku atatu osalekeza. M'mawa wa tsiku lachinayi tinamva kugunda kwakukulu kuchokera kuphiri, mbale m'kabati nkugwedera. Titathamangira kukaona, tinapeza mbali ina ya phiri yatsetsereka. Dothi lofiira, mitengo yozuka ndi mizu yomwe, ndi miyala yaikulu kuposa golosale yathu zinali zitakwirira msewu. Aliyense anangoti kukamwa yasa. Kumbali ya Karonga nako mtsinje unali utasefukira pamlatho. Mabasi, malole a malasha ndi galimoto zina zinangondandalika pa Chiweta, kopita kulibe.

Pofika tsiku lachiwiri msewu utatsekeka, m'masitolo ena onse shuga, mchere ndi machesi zinali zitatha. Anthu onse aja anatembenukira kwathu: madalaivala, amayi obereka ana, ana asukulu opita ku Phwezi ndi masutikesi awo. Amayi anakoleza mbaula pakhonde nkuyamba kukazinga mandasi ndi kuwiritsa tiyi, ine nkundiika pakauntala. Anandipatsa malamulo awiri okha. Mtengo ukhale womwewo wa dzulo, ndipo munthu mmodzi asagule kopitirira paketi imodzi. Kupatula apo, theka la parafini anandiletsa kuligwira, chifukwa linali la asodzi athu, amene popanda nyali sangaphe usipa.

Masana ena amayi atapita kumjigo, a Chirambo analowa akupukuta thukuta. Anandinong'oneza kuti ndiwagulitse mabelo atatu a shuga ndi thumba la mchere pamtengo wowirikiza kawiri. Ndinaganiza kuti amayi akabwera andiyamikira kuti ndine wochenjera kuposa iwo. Ndinali nditagwira kale belo limodzi pamene ndinaona mayi wina pamzere, ali ndi kapu m'dzanja, mwana akulira kumsana. Ndinabweza belo lija pansi nkunena kuti, "Adada, dikirani eni ake."

Amayi atabwera anamvetsera zonse ndowa ili pamutu. Ndinkayembekezera kuti awathamangitsa a Chirambo. M'malo mwake anatula ndowa nkuwauza kuti atenge belo limodzi ndi theka la thumba la mchere pamtengo umene amayiwo anaodera ku Mzuzu, bola akagulitse pamtengo wathu womwewu. "Mzerewu wanditalikira, mundithandize," anatero. "Apaulendowa apita. Ife titsala pano ndi anthu omwewa, ndipo sadzaiwala amene anawadyera pamavuto." A Chirambo anavula chipewa nkuti, "Yewo chomene, mama." Aka kanali koyamba kuwaona atasowa nthabwala.

Msewu unatsegulidwa patapita masiku asanu. M'chipinda changa munangotsala makatoni opanda kanthu, ndipo ndinagona motambasuka. Koma funso limodzi linkandivuta. Ndinkakhulupirira ndithu kuti amayi ali ndi mphamvu yolosera, ndiye ndinawafunsa mwamantha kuti anadziwa bwanji kuti phiri ligwa. Anaseka mpaka misozi. Anati sanadziwe kalikonse. Chimene ankadziwa nchakuti chaka chilichonse mvula ikayamba katundu amachedwa kufika ndipo mtengo wa lole umakwera. "Phiri likanapanda kugwa ndikanataya chiyani? Mchere suwola, machesi sawola. Ndikanagulitsa pang'onopang'ono mpaka Epulo. Pooda umayamba ndi zimene munthu sangagone alibe, zokongola pambuyo." Awatu anali mayi amene analekezera sukulu Sitandade 4.

Lero ndili ndi shopu yanga pa boma la Rumphi. Ndimaoda pafoni, kulipira pafoni, katundu nkufika tsiku lomwelo. Kuphweka kumeneku kwatipatsa ulesi ambirife. Timaoda za mawa lokha, poganiza kuti msewu ndi netiweki zidzakhalapo nthawi zonse. Amayi anakalamba tsopano, amayenda ndi ndodo. Akabwera kudzandiona sayang'ana mashelefu owala a kutsogolo, amalunjika kuchipinda chosungira katundu. Ulendo wathawu anaima pakhomo pake nthawi yaitali, kenaka anandifunsa kuti galimoto zitasiya kubwera lero, ndingagulitse masiku angati. Ndinayankha zoona, kuti atatu. Anangokhala pampando nkundiuza kuti nditenge pepala ndi cholembera, tilembe zoti ndiode.