Kasinja wa Zitini pa Khonde la Odwala Chifuwa

Chinayamba ndi nyundo. Ndine mmisiri wa malata, wokhoma ndowa ndi mbaula, ndipo nyundo ndinkaigwira tsiku lonse osamva kulemera kwake. Koma chaka chimenecho, titangokumba mbatata, inayamba kundilemera dzuwa lisanafike pamutu. Kenako kunabwera chifuwa chouma. Tinali titathawa nkhondo kwathu ku Ntengo-Wambalame n'kukakhala kwa alamu anga ku Furancungo, choncho ndinkati ndi fumbi la kuchilendo chabe.

Kuzizira kwa Junho kutafika, ndinkadzuka malaya ali onyowa ndi thukuta. Lamba ndinamuboola bowo lina, kenako linanso. Ndinamwa mizu yowawa, osasintha. Tsiku lina ndikukhoma ndowa ndinatsokomola, ndipo pa lata panagwera magazi. Akazi anga, a Anasitaziya, sanandifunse maganizo. Anatseka chitseko n'kundiperekeza kuchipatala.

Anatilandira a enfermeiro Bernardo, namwino wa kumunsi kwa Zambezi amene Chichewa anachiphunzira pa ntchito. Anandimvetsera pachifuwa, n'kundipatsa kabotolo kolavulira makhololo. Zotsatira zitatuluka anandiuza mosazungulira: "Bambo Damiano, ndi tuberculose, chifuwa chachikulu. Chimachizika, koma chimafuna munthu wosathawa mankhwala."

Anandigoneka m'chinyumba cha kuseri, chokhala ndi mazenera opanda magalasi. M'mawa uliwonse a Bernardo ankawiritsa masingano mu poto pa mbaula, ife titafola pakhonde. Jekeseni m'thako, mapiritsi m'manja, kenako phala la mgaiwa lopanda shuga. Akazi anga ankabwera masana ndi nyemba. Mankhwala ankabwera pa koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, ndipo koluna ikachedwa tonse tinkangoyang'ana kumsewu. A Bernardo sindinawaonepo akukalipa. Ankawerengera mabotolo kuti aliyense wa ife asadumphe tsiku.

Pa bedi loyandikana ndi langa panali a Lusiyano, okonza mawailesi. Anali owonda kuposa ine, mapewa ali ngati ndodo, koma manja awo sankakhala chete. Pansi pa bedi ankasunga katoni, ndipo m'katonimo munali kasinja, tanke uja wa nkhondo, wamng'ono ngati njerwa ziwiri. Anamupanga ndi zitini za mafuta ophikira, mzinga wake unali paipi ya pampu ya njinga. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ankayenda yekha, wopanda chingwe. A Lusiyano anagwirapo ntchito ku Joni, ndipo kumeneko anagula kagalimoto ka chidole koyendetsa ndi komando, kabokosi ka antena kogwira m'manja. Kagalimotoko katasweka, anachotsa zam'kati mwake n'kuziika mwa kasinjayo. Akakankha kabatani, kasinja ankanyamuka pa simenti, ndipo amuna akuluakulu odwala tinkakokera mabulangete pakhonde kudzaonera.

Mayi wina wodikirira mwamuna wake anawafunsa chifukwa chopangira chinthu chimene chatithawitsa m'midzi. Iwo anapuma kaye, poti mpweya unkawavuta, n'kuyankha kuti, "Wamkulu uja anadutsa m'munda mwanga osandifunsa. Uyu ndikati ima, amaima."

Jekeseni atandilowa thupi, makutu anayamba kulira ndipo ndikaimirira pansi pankazungulira. Matako anatupa, kukhala pansi kunali chilango. Chifuwa chinali chitachepa, ndiye ndinayamba kudziuza kuti ndachira. Nthawi yomweyo alamu anga anakonza zowolokera ku Malawi ndi banja lawo, ndipo ndinafuna kupita nawo. A Bernardo anachepetsa mlingo wa jekeseni chifukwa cha makutuwo, koma za ulendo anakana. "Mukasiyira panjira, chidzabwerera chili chokwiya, ndipo mankhwala awa sadzachigwiranso," anatero. Akazi anga anasankha kutsala, ngakhale mfuti zinkamveka kumapiri. Ine mtima unali utachoka kale. Ndinkangogona chopenya khoma.

A Lusiyano sanandinyengerere. Anangoika kasinja pa bulangete langa n'kundionetsa vuto lake. Malamba oyendera anali a chubu cha njinga, ndipo akatsikira pa miyala ankaterereka n'kuvuka. "Inu ndinu a malata," anatero. "Ine pamenepa pandikanika."

Ndinatembenuza kasinjayo n'kuona kuti akunena zoona. Mawa lake ndinauza akazi anga abweretse sizasi yodulira malata ndi pulayala. Ndinadula tizidutswa ta chitini, chilichonse ndi kamlomo kopinda kogwira pansi, n'kutilumikiza ndi waya wa sipoko ya njinga. Ntchito imene kale ndikanaimaliza tsiku limodzi inanditengera masabata, chifukwa ndinkatopa msanga. Malamba atsopanowo anagwira bwino pa miyala, koma anali olemera, kamota kankangolira osakoka. A Lusiyano anaphwasula wotchi yakufa n'kuikamo magiya ake. Kasinja anachepa liwiro koma anakwera mulu wa mchenga wa kuseri kwa khitchini mpaka pamwamba.

Kenako tinapanga wachiwiri, wopepuka, wa timamota tiwiri ta mu wailesi ya kaseti, lamba aliyense ndi kamota kake, kotero ankatembenuka pamalo amodzi. Komando inali imodzi, ndiye tinkasamutsa zam'kati kuchoka mwa uyu kupita mwa uyo n'kumawayerekeza. Woyamba anali wamphamvu pokwera, wachiwiri wochenjera pokhota koma wadyera pa mapilya, mabatire aja. Mapilya otha tinkawayanika padzuwa kuti apezeko kamphamvu. Odwala anagawikana, ena a woyamba, ena a wachiwiri. Ndinangozindikira kuti ndikudzuka m'mawa kukafola jekeseni mofulumira, kuti ndibwerere ku malamba anga.

Tsiku lina masana kunabwera msilikali ndi mfuti paphewa. Anali atamva kuti m'chinyumba mwathu muli munthu wa antena wolankhula ndi zigawenga za kuthengo. M'nyengo imeneyo mawu otero ankatha kumutengetsa munthu osabweranso. A Bernardo anaima pakhomo n'kunena kuti muno ndi mwa odwala. A Lusiyano anatulutsa komando pang'onopang'ono, n'kuyendetsa kasinja mpaka anakagunda jombo ya msilikaliyo. Iye anawerama, anamunyamula, anawerenga mawilo, n'kunena kuti tachulutsa limodzi mbali iliyonse, weniweni sakhala choncho. Anapempha kuyendetsako, anamugwetsera m'ngalande, n'kuchoka akuseka. Madzulo ake tinachotsa mawilo owonjezerawo.

Mvula yoyamba itagwa, makhololo anga anapezeka oyera. Makutu anali atasiya kulira, ndipo ndinkamaliza mbale. Ananditulutsa ndi mapiritsi oti ndimwe miyezi yambiri. A Lusiyano anatsala. A Bernardo anandiuza kuti mapapo awo anali atadyeka kale asanafike, poti anatsokomola kuchokera dzinja lina kufikira dzinja linzake akukonzabe mawailesi a anthu. Ndinkapita kukawaona. Pomaliza sankathanso kutsikira pakhonde, koma ankayendetsa kasinja ali chigonere, ine ndikuwauza kumene wafika. Anamwalira chimanga chisanamasule ngayaye.

Nkhondo itakula tinawolokera ku Malawi, mapiritsi ali omangidwa pa chitenje cha akazi anga, ndipo ndinawamaliza onse ku msasa wa othawa kwawo. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu n'kukhazikika ku Tsangano. Lero ndakalamba, khutu lamanzere limamva pang'ono, ndipo pokwera phiri ndimapumira panjira, koma chifuwa chija sichinabwerenso. Mwana wanga anandigulira kasinja wa pulasitiki ku Tete, ndipo ndamusintha kale magiya ndi malamba, chifukwa a kusitolo sagwira dothi la kuno.

Kwa inu amene mukutsokomola masabata akupita, mukuonda, mukudzuka ndi thukuta, musadikire magazi ngati ine. Pitani akakupimeni makhololo, ndipo mukayamba mankhwala amalizeni, ngakhale mutamva bwino. Ine ndi a Lusiyano tinali ndi nthenda imodzi, enfermeiro mmodzi, singano za mu poto mmodzi. Iwo anali anzeru ndi olimba mtima kuposa ine. Chimene tinasiyana ndi tsiku limene aliyense anafika pakhomo la chipatala.