Mabatire Otupa a ku Al Quoz

Corona itavuta, bwalo lathu la airsoft ku Al Quoz, dera lina la mumzinda waukulu wa Aluya, linatsekedwa. Amenewa ndi masewera oti anthu akuluakulu, a ndevu zawo, amaomberana ndi mfuti zapulasitiki. Tinatsala alonda awiri, ine ndi Tembo wa ku Chipata.

Abwana pochoka anafunsa ngati alipo wodziwa kusamala mabatire a mfutizo. Ndinakweza dzanja. Ukatswiri wanga wonse unali wotchajira anthu mafoni pamsika wa Lunzu. Iwo anafotokoza zambiri m'Chingerezi chothamanga, ine ndikungogwedeza mutu ngati injiniya.

Kwathu magetsi akayaka, umatchaja chilichonse mpaka chidzaze, chifukwa sudziwa kuti akathima abweranso liti. Ndiye ndinadzaza mabatire onse, mumzinda woti magetsi sathima n'komwe, n'kuwatsekera m'kontena yotentha ngati uvuni. Osadziwa kuti zomwe abwana ankanena zija n'zakuti mabatire amtunduwu amasungidwa pozizira ali theka, apo ayi amawonongeka.

Pamene bwalo limatsegulidwanso, onse anali atatupa ngati mandasi. Apa n'kuti Tembo ataimitsidwa ntchito chifukwa cha mliri, ali kwawo kudikira kuitanidwanso.

"Wachita izi ndani, habibi?" anafunsa abwana, kunditchula kuti bwanawe m'chinenero chawo.

Ubwino wa masiki ndi wakuti milomo ikamanjenjemera sioneka. "Ndi Tembo, bwana. Ndinamuletsa, koma samamva."

"Khalas, basi, ameneyo asabwerenso."

Tembo amandiimbirabe foni. "Mudala, abwana amanikumbuka?"

"Kwambiri," ndimamuyankha, ndipo apa pokha sindinama. "Akangoona batire, amatchula iweyo."