Kapu ya Abiti Saidi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene kolera inalowa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nsaru, dzinja fodya akadali m'munda. Ananditengera pa ngolo kupita ku tenti imene anaimika kuseri kwa chipatala. Fungo la mmenemo silinandichoke mpaka lero: mankhwala osakanikirana ndi masanzi, ndowa zodzaza pansi pa mabedi obooka pakati, ntchentche zikutera pamilomo ya anthu osowa mphamvu yoziingitsa.

Tsiku lachiwiri amayi, amene ankandidwazika, nawonso anagwa. Pa abale athu panalibe wofuna kulowa. Amene anayamba kundipukuta ndi kukataya ndowa yanga anali Abiti Saidi, mkazi wa telala wa pamsika. Iwo ankadwazika mwana wawo Amina, wamsinkhu wanga, pa bedi loyandikana ndi langa.

Kunyumba, azakhali anga, munthu wosaphonya mapemphero, anali atatiphunzitsa kuti chikho chimene wamwera Msilamu n'chodetsedwa. Choncho Abiti atandibweretsera madzi a mchere ndi shuga, ine, mwana wogona m'zonyansa zake zomwe, ndinakankha kapuyo. Madzi anatayikira pa chitenje chawo.

"Sindimwa za Asilamu," ndinatero.

Sanakwiye. Anatola kapu ija, nakaitsuka, naidzazanso.

"Udzandinyoza ukachira, mwanangu. Pano imwa."

Ndinamwa, iwo atachirikiza mutu wanga.

Amina anamwalira mawa lake masana. Azaumoyo anamukulunga mu pulasitiki. Mayi ake sanaloledwe ngakhale kumusambitsa. Ndi mmenenso anachitira dzulo lake ndi mtembo wa mkulu wa mpingo wa kwathu, wopanda nyimbo, wopanda ulaliki. Asanatuluke, Abiti, maso atatupa, anakauza namwino kuti diripi ya amayi anga yatha.

Azakhali anabwera tsiku lomwelo, naima patali kuseri kwa chingwe, chitenje chili pamphuno. Atamva kuti ine ndi amayi tikupezako bwino koma mwana wa telala watisiya, anakweza mawu kuti onse amve.

"Mwaona, eti? Mulungu amadziwa ake."

Abiti anali akudutsa pomwepo ndi kamtolo ka zovala za Amina. Anamva. Mawu amenewo anali apachibale ndi anga aja. Amayi, milomo itauma gwa, anadzuka pa bedi ndi kuuza alamu awowo kuti abwerere kwawo.

Sindinapeze mpata wopepesa. Banja lija linasamukira ku Msundwe mvula isanathe. Ndikadali Mkhristu, ndipo Lamulungu lililonse ndimaimba kwaya. Koma ndinadziwa ndili wamng'ono kuti thupi likafooka tonse timanunkha chimodzimodzi, ndipo mayi wotaya mwana amalira kulira kumodzi. Munthu akamadzitama kuti Mulungu wake anamupulumutsa n'kusiya mwana wa mnzake, ine ndimangochokapo.