Ndowa ya ku Beira

Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti sukulu ya pulaimale ikhale yaulere, kalasi lathu ku Bangwe linadzaza mpaka ena tinkakhala pazenera. Ine ndinali mu Sitandade 5. Mng'ono wanga wamkazi anali mu Sitandade 2, ndipo kalasi lawo linkaphunzirira pansi pa mtengo wa bulugamu. Ababa anali atangochotsedwa ntchito kufakitale ina kumene ankayang'anira mosungira katundu. Tsiku lina anabwera kudzationa kusukulu. Anaima kumbuyo kwa chigulu cha ana, osamva ngakhale liwu limodzi la aphunzitsi. Pofika kunyumba anauza amayi kuti ife tiziphunzira pakhomo.

Amayi ankagulitsa mandasi pamsewu, ndipo sankazungulira polankhula.

"Mwasowa chochita, ndiye mukufuna ana angawa akhale ntchito yanu?"

Ababa anatenga chithabwa, n'kuchipaka makala a m'mabatire akutha, bolodi n'kupezeka.

Ndisawanamizire: masamu ndi Chingerezi ankaphunzitsa bwino. Vuto linali Lachisanu, tsiku la sayansi, chifukwa kwa ababa sayansi inali nyanja yamchere basi. Iwo anabadwira kutsidya kwa malire, cha ku Milanje, ndipo ali mnyamata anagwirapo ntchito padoko la Beira. Ankati mwana wosadziwa za nyanja yamchere ali ngati chule wa m'chitsime. Choncho Lachisanu lililonse tinkavala yunifolomu, ngakhale sitinkapita kusukulu, n'kuyenda wapansi mpaka kumsika wa Limbe, kope ndi pensulo m'manja.

Malo a nsomba mumsikamo ndinkadana nawo. Pansi pankakhala madzi akuda osakanikirana ndi mamba ndi matumbo, ndipo ankalowa m'nsapato zanga za pulasitiki n'kumaterera pakati pa zala. Ntchentche zobiriwira zinkachoka pansomba n'kudzatera pamilomo. Ababa ankapita kwa ogulitsa karapau, nsomba zoumitsidwa ndi ayezi zochokera kunja, n'kunyamula imodzi, kuitsegula kukamwa, kutionetsa mano, kenako kutiuza kuti tinunkhize mchere wake.

"Madala, mugula kapena mukungogwiragwira?" ankatero ogulitsawo.

"Ndikuphunzitsa ana," ababa ankayankha, n'kupukutira dzanja pathalauza.

Panali dalaivala wina wa mathiraki, Msilamu wa ku Ndirande, amene ankadziwana ndi ababa kuyambira kufakitale. Nkhondo ya ku Mozambique itatha, iye anayamba kupita ku Beira kukatenga katundu. Ababa anamupatsa ndowa ya pulasitiki yovindikira, n'kumupempha kuti akawatengere zamoyo za m'nyanja, makamaka chinyama chimene ankachitcha polovo. Milungu iwiri yathunthu anatijambulira polovoyo pabolodi. Ankati ali ndi miyendo isanu ndi itatu, alibe fupa ngakhale limodzi, amasintha mtundu akaona mdani, amalavula inki, ndipo ali ndi mitima itatu. Apa ndivomere kuti nanenso ndinayamba kudikira ndi mtima wonse. Ndinkaganiza kuti ndikadzamuona ndidzakhala ndi nkhani imene mwana aliyense wa mu Bangwe analibe.

Uthenga utafika kuti thiraki yabwera, ababa anati ulendo umenewu ndi wa banja lonse. Amayi anasiya beseni la mandasi kwa anzawo, n'kutitsatira akung'ung'udza.

Thirakiyo inaima pabwalo lina kuseri kwa nyumba zosungira katundu, pafupi ndi njanji. Dalaivala uja tinamupeza ataima patali ndi galimoto yake yomwe.

"Achimwene, mundikhululukire," anatero atapereka moni. "Ku boda ya Mwanza atisunga masiku anayi. Ayezi anasungunuka tisanafike ndi ku Tete komwe. Ndowa ndinachita kuimangirira kunja, kumbuyo uko, chifukwa kutsogolo kokhala ine sikunkakhalika. Ndikanataya, koma ndinati mwini wake aone yekha."

Ndowayo inali padzuwa. Chivindikiro chake chinali chitatukumuka ngati mimba ya galu wakufa, ndipo m'mbali munkatsika timadzi tachikasu. Ababa anaitsitsa pansi, n'kugwada, n'kutsegula.

Fungo limene linatuluka mmenemo ndilibe nalo chofanizira chokwanira. Chimbudzi chodzaza nthawi ya mvula chili bwino. Linali fungo lolemera, lolowa mpaka kukhosi, moti ndinalimva ngati ndalidya. Anyamata amene ankadya chipisi pamthunzi wa thiraki ina ananyamuka akutukwana. Amayi anatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Inu abambo, katayeni zimenezo."

"Tsegulani makope," ababa anatiuza ife, ngati sanamve.

M'ndowamo munali madzi otuwa a thovu. Pamwamba pankayandama nkhanu ziwiri zitagadabuka, mphutsi zikulowa ndi kutuluka m'zigoba. Zimene zinali kamarau, tinsomba ta zigoba ta m'nyanja, zinali zitasungunuka, kutsala timitu ndi ndevu zokha. Ababa anapinda malaya, n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono. Chimene anatulutsa sichinkafanana ndi chojambula cha pabolodi chija. Chinali chinthu chotuwa, choterera ngati therere, chili lendelende, khungu likusupuka lokha n'kumatsalira m'zala zawo. Anachiyala pachivindikiro n'kuyamba kuwerenga miyendo mokweza. Inakwana isanu ndi iwiri. Anabwezeranso dzanja m'ndowa muja, kufufuza pansi, mpaka anapeza mwendo wotsalawo utaduka, n'kuuika pambali pa inzake.

"Isanu ndi itatu. Lembani."

Ndinalemba nditatseka pakamwa, malovu atadzaza.

Kenako anaitana mng'ono wanga kuti akhudze timabowo ta pansi pa mwendo, timene ankati polovo amagwirira miyala. Mwanayo anabisa manja kumbuyo. Ababa anamugwira pamkono, n'kukokera chala chake pamenepo. Chalacho chinangolowa m'nyamamo ngati m'papaya lovunda. Mng'ono wanga anasanza pomwepo, phala lonse la m'mawa, kuipitsa yunifolomu ndi kope.

"Muzolowere," anatero ababa. "Nyanja imanunkha chomwechi."

Ine ndinayang'ana dalaivala uja, munthu amene anali atachokera kunyanjako masiku omwewo. Anazolikitsa maso, n'kumakanda tayala ndi nsapato. Ndinadziwa kuti ababa anama. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandinyansa kwambiri, ndowa ija kapena bodzalo. Munthu amene ankatikwapula tikanama za shuga anali atagwada pafumbi, mafinya a nsomba akuyenderera pamkono, n'kumanamiza mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kuti asaoneke wolephera pamaso pa anthu.

Amayi anapukuta mng'ono wanga ndi chitenje. Ndinkayesa kuti zathera pomwepo, koma ababa anabwezera zonse m'ndowa n'kuvindikira. Anati mitima itatu ija tikaionera kunyumba.

Maminibasi awiri anatikana kondakitala atangonunkhiza. Yachitatu inatitenga chifukwa ndowa inaikidwa kumbuyo msanga, koma tisanapite patali mayi wina anayamba kufunsa kuti ndani wanyamula maliro. Anthu anatsegula mazenera, ena akuseka, ena akulavula, ndipo dalaivala anaima n'kutitsitsa. Njira yotsalayo tinayenda wapansi. Ababa anali patsogolo ndi ndowa yawo, timadzi tikudonthera pathalauza, ntchentche zikuwaperekeza. Amayi ndi mng'ono wanga anawolokera mbali ina ya msewu. Ine ndinali pakati, osadziwa kuti ndikhale wa ndani.

Tinkakhala pamdadada wa nyumba za lendi, mabanja asanu bwalo limodzi. Amayi anakaniza mpeni, beseni, ngakhale thabwa lodulirapo ndiwo. Ababa anatola chidutswa cha lata, n'kupita nacho kuseri kwa chimbudzi ndi lezala. Mng'ono wanga anali atagona, ndiye wophunzira ndinatsala ndekha.

Atang'amba mutu wa chinyamacho, munatuluka phala lakuda lonanda, n'kuyenderera m'mizere ya lata. Ababa anavundula ndi kamtengo, uku ndi uku.

"Uwu ndi mtima woyamba," anatero, akuloza kachibuluma kena.

"Sindikuona kanthu, ababa."

"Yang'anitsitsa. Wachiwiri ndi uwu. Lemba kuti waona mitima itatu."

Ndinalemba kuti: Sindinaone mtima. Anatenga kopelo ndi zala zawo zomwezo, n'kuwerenga. Ndinadikira khofi, koma silinabwere. Anangondibwezera kope, lili ndi chidindo cha chala chonunkha pakona, n'kumayang'ana latalo.

Posakhalitsa anafika amayi a landilodi, atatsogozana ndi amayi ena awiri a pamdadada. Anati ana awo akukana kudya, ndipo ngati ababa ayamba za mankhwala anene poyera kuti anthu adziwe. Mawu amenewo anawapweteka ababa kuposa china chilichonse tsikulo, poti anali mkulu wa mpingo. Anakumba dzenje pomwepo n'kukwirira zonse, ndi lata lomwe.

Dzenjelo linali losaya. M'mawa mwake tinapeza agalu atafukula, n'kumwaza zidutswa pabwalo ponse. Mwendo umodzi unali pakhomo pa amayi a landilodi, wina pansi pa chingwe choyanikapo matewera. Galu wina anali atagubuduzika pamenepo n'kukagona pakhonde la eni ake. Amene anatola zonsezo anali amayi anga, ndi pepala la pulasitiki kumanja, kenako n'kuthira phulusa pabwalo lonse amayi anzawo ataima m'makomo kuonerera. Ababa anakhala m'nyumba, chitseko chotseka.

Lolemba amayi anatidzutsa m'mamawa, n'kutitengera kusukulu. Anapepesa kwa ahedi kuti ana anali kumudzi. Ababa anationa tikutuluka, koma sanatiletse.

Fungo lija linawakanirira m'manja pafupifupi mlungu. Anasamba ndi sopo, ndi mandimu, ndi palafini, koma linali litalowa pansi pa zikhadabo. Amayi anawauza kuti m'mbale imodzi ndi ana sapisamo dzanja, choncho ankadya okha pakhomo ndi supuni, ngati wodwala. Tsiku lina nditawapititsira madzi akumwa anandiimitsa.

"Polovo akakhala wamoyo sanunkha, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale nyanja yomwe sinunkha choncho. Ndinamuonapo kamodzi m'madzi osaya, ali wofiira, kenako n'kusanduka ngati mchenga ine ndikuyang'ana."

"Chabwino, ababa," ndinayankha.

Ndinaika kapu pansi m'malo mowapatsa m'manja, chifukwa sindinkafuna kuti zala zawo zindikhudze. Iwo anaona. Anaitola okha kapuyo.

Patapita miyezi iwiri anapeza ntchito ina ya mosungira katundu ku Limbe komweko. Masamu anapitiriza kutithandiza akaweruka, ndipo chaka chimenecho ine ndinakhoza bwino kuposa kale.